A Nason Ziba ndi Filimu ya Anyamata Otsuka Magalimoto

Pa Manyamula, kuseri kwa chigayo, pali nyumba ya njerwa zowotcha imene kale inali shedi ya fodya. Mawindo ake ndi otseka ndi mapulasitiki akuda, ndipo pakhomo pamatsamira bolodi lolembedwa ndi choko filimu ya tsikulo. M'nyumba imeneyi ndi mmene a Nason Ziba amadyera. Amaonetsa mafilimu, iwo atakhala pampando pambali pa TV, maikolofoni ili kukamwa, n'kumauza anthu zimene a m'filimuwo akulankhula.

A Nason anabadwira ku Engutwini. Sukulu anailekera ku pulayimale bambo awo atamwalira, n'kuyamba kuweta ng'ombe za abambo awo aang'ono. Ndevu zisanamere bwino anakwera galimoto ya ku Joni, monga amachitira anyamata ambiri a ku Mzimba. Kumeneko anayamba ndi kudula kapinga m'nyumba za mabwana, kenako anapeza ntchito yosesa mu shopu yobwereketsa mafilimu. TV ya mu shopumo sinkazima. Iwo ankasesa maso ali pa mawu olembedwa m'munsi mwa kanema, chaka ndi chaka, mpaka Chingerezi cha m'mphuno cha ku Amereka chinakhazikika m'makutu mwawo.

Amalawi anzawo atadziwa zimenezi, ankawatenga kuti azikawamasulira kuchipatala. Kumeneko anaonako chinthu chimene sanachiiwale. Bambo wina wa ku Embangweni anabwera kwa dokotala ndi mphwake womumasulira. Dokotala ananena mawu olemera. Mnyamatayo, pomvera chisoni amalume ake, anati ndi kachifuwa chabe. Bamboyo anabwerera ku ntchito yake yonyamula simenti, ndipo mvula isanagwe anapita kumudzi ali m'bokosi. A Nason sanamudzudzule mnyamatayo, koma kuyambira pamenepo anadziikira lamulo lawolawo pa nkhani ya kumasulira.

Anabwerera kumudzi chaka chimene alendo ankathamangitsidwa ku Joni, atanyamula TV, masipika awiri ndi sola. Anakwatira a Modester, anyaMvula, ndipo shedi ija anaichita lendi kwa a Zondwayo Jere, mlimi wa fodya amenenso anali mmodzi wa madoda, akuluakulu oyendetsa mpingo wa pamenepo. Pa Manyamula panalibe nyumba ina yaikulu chotero yopanda ntchito.

Pa maikolofoni a Nason anali munthu wina. Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, chifukwa theka la mabenchi linkadzaza ndi matenanti a ku Kasungu ndi ku Dowa ogwira ntchito m'minda ya fodya. Msilikali wa ku China ankasanduka Gondwe. Bwana akamamwa vinyo m'filimu, iwo ankati akumwa chindongwa. Helikopita ikanyamuka ankati ikupita pa Jenda kukagula tomato. Anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi, ndipo pakamwa pa a Nason sipankatseka kuyambira filimu ikuyamba mpaka kutha. Koma panali malire. Wina akawapempha kuti awonjezere ndiwo pa mawu a munthu wa m'filimu, ankayankha mwachidule kuti dzina asintha, chakudya asintha, koma zimene munthu wanena ndi zake, iwo sangamube.

Filimu imene inawaika pamoto inabwera pa fulashi, kuchokera kwa kondakitala wa minibasi ya ku Boma. Inali ya anyamata atatu akuda a mumzinda waukulu wa ku Amereka, ongomaliza kumene sukulu, ogwira ganyu yotsuka magalimoto. A Nason anaionera okha kaye, monga amachitira, n'kuwapatsa mayina. Wina anamutcha Wamagalasi. Wina, amene ankangotafuna nthawi zonse, anamutcha Wanjala. Wachitatu, wofatsa, wokhala ndi amayi ake okha m'nyumba yosanja, anamutcha Jonasi. M'filimumo munalibe asilikali kapena karate. Anyamatawo ankatsuka magalimoto, kunyozana, kusirira atsikana, kukangana ndi makolo. Kenako Jonasi anayamba kunyamulira bambo wina timaphukusi kuti apeze ndalama msanga. Tsiku lina anthu anamudikirira pa siteshoni ya sitima, anamubaya ndi mpeni, ndipo anafera m'manja mwa anzake aja.

Sabata yoyamba anthu anailandira mosiyana. Anyamata a kabaza anati filimu yake ndi yozizira, munthu kudikira mpaka kumapeto kuti aone mpeni umodzi wokha. Koma anyamata omwewo anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Matenanti anadabwa kuti ku Amereka kuli munthu wakuda wotsuka galimoto ya mnzake ndi chidebe. Amayi ogulitsa mandasi pakhomo, amene ankangomva mawu kudzera pa sipika, anati Jonasi anaphedwa ndi kusowa bambo. A Ian, mphunzitsi wachinyamata wa pa sekondale, anawerengera anthu pa foni zimene olemba nyuzi a kunja ananena. Ena anaitama kuti sinaname paliponse. Ena anaidzudzula kuti azungu amakonda kuona ana a anthu akuda akufa, n'chifukwa chake anaiombera m'manja. A Ian eni ake anaima pakati, ndipo anaionera kangapo kuti asankhe mbali.

Vuto linayamba ndi mathalauza. Ana asukulu anayamba kuwatsitsa mpaka kabudula wamkati kuonekera, monga anyamata a m'filimu aja. Anayambanso kupatsana moni wogundanitsa zibakera. Lamulungu lina mnyamata wina anakumana ndi mmodzi wa madoda pa chipata cha tchalitchi, ndipo m'malo mowerama n'kupereka manja awiri, anamutambasulira chibakera. Nkhani inafika ku seshoni, bwalo la madoda a mpingo. Kumeneko ananena kuti shedi ya a Jere yasanduka sukulu ya uchigawenga, ndipo ikukokera ana ku Joni.

A Zondwayo anabwera okha kudzawauza a Nason. Anali munthu wamtali, wosaseka, wolankhula pang'ono. Sanatsike n'komwe panjinga. Anati madoda agwirizana kuti sangaweruze chinthu chimene sanachione, choncho adzabwera Loweruka m'mawa kudzaonera okha. Akadzapeza kuti ndi zonyansa, iwo adzatenga kiyi wawo, pakuti mkulu wa mpingo sangadye lendi ya nyumba yowononga ana a anthu.

A Modester atamva, sanaone chovuta. Anati madoda aja Chingerezi chawo ndi cha m'Baibulo ndi cha pa sukulu ya mishoni ya Loudon, cha m'mphunocho sangachigwire. Mawu olembedwa m'munsi aja angathe kuzimitsidwa. Ndiye chatsala n'chiyani? Wanjala akatukwana, a Nason anene kuti akudandaula za njala. Jonasi akamafa, amuikire pemphero mkamwa. Madoda atuluka akupukuta misozi, kiyi atsala.

"Ndipo pamalo paja, ada Ziba," anatero a Modester, "ndapota, mudumphepo. Munene kuti fulashi yadumpha yokha."

A Nason anadziwa malo amene ankanena. Pa Manyamula panalibe munthu wamkulu wosadziwa nkhani ya Bennet, mwana wa a Zondwayo. Anapita ku Joni ali mnyamata wa sekondale, ndipo patapita zaka zochepa anabwera ali m'bokosi, m'ngolo yokokedwa ndi minibasi. Ku Mzimba kuli mwambo wake. Maliro akachokera ku Joni, anyamata amene aperekeza thupi amaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza mmene imfa inayendera. Pa maliro a Bennet anaimirira awiri, zipewa zili m'manja, n'kunena kuti anadwala mutu masiku ochepa, anamutengera kuchipatala, anagona osadzukanso. Bokosi silinatsegulidwe. Nkhope inaonekera pagalasi, khosi litakulungidwa nsalu yoyera mpaka kuchibwano. Mafoni anali atanena kale zina, ndipo anthu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, koma pamaso pa a Zondwayo ndi akazi awo anyaShaba, Bennet anafa ndi mutu. Zinakhala choncho zaka zonsezi.

Tsono m'filimu muja, Jonasi atafa, anzake awiri aja amayenda wapansi kupita kwa amayi ake, akupangana zokanena.

A Nason anasamba m'manja. Anadya, anatuluka kukapukuta sola. Masiku otsalawo a Modester anabwereza nkhaniyo m'njira zosiyanasiyana. Anatchula ana ali pa sukulu, anatchula feteleza, anawafunsa ngati pa msinkhu wawowo akufuna kubwerera ku Joni kukadula kapinga. Zonsezo zinali zoona, ndipo a Nason sanatsutse ngakhale chimodzi.

Loweruka madoda anafika atavala majekete ndi mataye, ngakhale unali mwezi wa Okutobala ndipo malata anali atayamba kale kulira ndi dzuwa. Anakhala pa benchi lakutsogolo, zipewa pamawondo. A Zondwayo anakhala kumapeto, pafupi ndi mpando wa a Nason, moti akanatha kuwagwira phewa. Chitseko chinatsekedwa, mdima unagwa m'nyumbamo, filimu inayamba.

Mawu olembedwa m'munsi a Nason anawasiya akuoneka. Wanjala atatukwana, iwo sanabwereze chitukwanocho, koma ananena poyera kuti apa watukwana amayi a mnzake. Madoda anatsonya. Wamagalasi atayankha bambo ake mwamwano n'kumenyetsa chitseko, a Nason anamasulira liwu ndi liwu, ndipo mkulu wina anaguguda ndodo pansi. Nthabwala sanazisiye. Wanjala atameza chibanzi chonse kamodzi, a Nason anati uyu kwawo n'ku Kasungu, ndipo mmodzi wa madoda anaseka asanadzigwire, n'kusandutsa kusekako kukhala chifuwa. Filimu ikupita, kutsonya kunachepa. Pamene Jonasi ananyamula kaphukusi koyamba, mkulu wa ndodo uja analankhula yekha ngati akumuona mwanayo pamaso, kuti iwe, tasiya zimenezo.

Mpeni unabwera. Jonasi anagona pa simenti ya pa siteshoni, mutu uli pamwendo pa Wamagalasi, osanena pemphero lililonse. Anangoti akumva kuzizira. A Nason anati, akuti akumva kuzizira.

Kenako anyamata awiri aja anayamba ulendo wawo. Rimoti inali m'dzanja lamanzere la a Nason, chala chili pa batani lodumphitsira. Kuwala kwa TV kunkagwera pa nkhope ya a Zondwayo, pa tsaya lawo lolowa ndi kolala yothina. A Nason anaganiza za kiyi. Anaganiza za a Modester. Anaganizanso kuti mwina kudumphako sikungakhale bodza koma ulemu chabe, monga ulemu wa anyamata a zipewa m'manja aja. Wamagalasi anatsegula pakamwa, ndipo a Nason anaika rimoti pansi pa mpando.

"Uyu akufunsa kuti, tikawauza chiyani amayi ake? Mnzakeyu akuti, tikanena kuti yamugunda galimoto akupita kukafunsira ntchito. Akuti, nanga akafunsa ngati anamva kuwawa? Akuti, tikati sanamve kanthu. Akuti, si bodza limenelo? Akuti, ndi bodza, koma anthu onse amatero."

Mawu awo anali athyathyathya, opanda nthabwala, opanda Chitumbuka chokometsera. Pa benchi panalibe anatsonya. Madoda onsewo analipo pa maliro a Bennet aja, ena mwa iwo ndiwo anayendetsa mwambo. Aliyense anapeza poyang'ana pake, wina pa chipewa, wina pa nsapato. A Zondwayo okha sanachotse maso pa TV.

Anyamata aja anafika, anagogoda, ananena zimene anapangana. Mayiyo anagwira chitseko, analira, kenako anapukuta maso n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wake wafa akufuna ntchito. Anawakhazika patebulo, anawaikira mpunga ndi nkhuku imene anasungira Jonasi. Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto m'filimumo mulibe mawu. Wanjala, wodya uja, amangotembenuza supuni m'mbale. Masiku onse a Nason ankadzaza malo amenewo ndi ndemanga zawo. Tsiku limenelo anazimitsa maikolofoni n'kuiika pamwendo. Anthu a pa chigayo, ozolowera phokoso la sipika ija, akuti anayesa kuti batire latha.

Panja madoda anaima pamthunzi wa khoma n'kuyamba kutsutsana. Wina anati zitukwano zokhazo zikukwanira kutseka nyumbayo. Wa ndodo anati iye wamva maulaliki ambiri okhudza ku Joni, koma palibe unamulowa m'mafupa ngati zimenezi. Wina anadandaula kuti filimu yonse yatha osaoneka mbusa, ndipo anafunsa ngati ku Amereka kulibe amalume, poti ana aja ankangoyenda okha ngati nkhuku. Anagwirizana chimodzi, kuti ana asukulu asamaionere. Za kiyi anati mwini nyumba alipo, anene yekha. Atatembenuka kuti amve, a Zondwayo anali atakwera kale njinga, akulowera njira ya kwawo.

Sabata inatha osamveka kanthu. A Nason anafufuta bolodi n'kubwerera ku karate. A Modester sanawakalipire. Anangoyamba kufunsa kwa anzawo a pamsika mtengo wa tebulo logulitsirapo tomato, mokweza mawu kuti amuna awo amve. Njinga iliyonse yaitali ikadutsa pa chigayo, a Nason ankagwira thumba limene munali kiyi.

M'mawa wina, nthawi imene shedi imakhala yopanda anthu, njinga ija inaima pakhomo. Pa kaliyala panali anyaShaba, atavala duku ndi chitenje cha mpingo. Mzimayiyo anali asanapondepo pamalopo. A Zondwayo anati anawafotokozera mayiwa pang'ono za filimu ija, ndipo akana kuuzidwa, akufuna kuona okha. Mawuwo anawanena akuyang'ana kumbali, ngati munthu wogonja pa mkangano wa masiku angapo.

Mantha amene anawagwira a Nason tsiku limenelo anaposa a Loweruka lija. Anayesa kunena kuti batire silinadzaze. AnyaShaba anayang'ana dzuwa, anayang'ana sola, n'kulowa.

Anakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo. Anaseka Wanjala. Anafunsa ngati nyumba zosanja zija zili ndi pophikira. Pa siteshoni paja sanatseke maso. A Nason anamasulira ulendo wa anyamata aja monga anachitira poyamba, mawu omwewo, ndipo pa tebulo paja anakhalanso chete. Filimu itatha anadzuka n'kutsegula chitseko kuti kuwala kulowe. Mayiwo sanadzuke. Anakonza duku lawo, n'kulankhula ngati akuweruza nsalu pamsika.

"Yewo chomene, a Ziba. Anaipanga bwino. Ana aja ndi enieni, ngakhale kayendedwe. Koma amene anaipangayo ndi mwamuna, eti?"

A Nason anati akuganiza choncho.

"Ndaona. Walakwitsa pamalo amodzi. Mayi uja wamupanga kuti wakhulupirira. Palibe mayi amakhulupirira zimene zija. Umangovomera, chifukwa ana a eni ake ayenda mtunda wautali atasenza chinthu cholemera, mbwenu uwalandire apume."

A Zondwayo anali ataimirira pafupi ndi khomo, chipewa chili m'manja. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana akazi awo ngati akuwaona koyamba. Anafunsa ndi mawu otsika kuti iwo anadziwa liti. AnyaShaba anati anadziwa tsiku lomwelo, pamene anyamata operekeza aja anapatsidwa nyama n'kuibweza osaikhudza. Mayiwo nawonso anafunsa kuti nanga adada ake a Bennet anadziwa liti. A Zondwayo anati pamene anaona nsalu ya m'khosi. Zaka zonsezi ankaopa kuti mayiwa akamva adzagwa. AnyaShaba anati nawonso ankaopa chomwecho, poti amuna a kwa Jere amaoneka olimba kunja kokha.

A Nason anatuluka mwakachetechete n'kukaima pa chigayo. Anawasiya awiriwo m'shedimo nthawi yaitali, mpaka wa chigayo anafunsa ngati lero kulibe filimu. Zimene analankhulana mmenemo palibe akudziwa, ndipo a Nason sanafunsepo.

Atatuluka, maso a a Zondwayo anali ofiira koma msana uli chilili. A Nason analowetsa dzanja m'thumba, anatulutsa kiyi, n'kumugwira poonekera kuti mkuluyo asavutike kupempha. A Zondwayo sanayang'ane kiyiyo. Analoza ndi chipewa pa ngodya ya denga, pamene lata lina linachita dzimbiri, n'kunena kuti pamenepo padzadontha pa TV, atumiza lata lina mvula isanayambe. Anakhazika akazi awo pa kaliyala. Phazi lili pa pedulo anatembenuka.

"Koma mathalauza aja, a Ziba. Muli ndi sipika. Muwauze akweze."

Lata linabwera pa ngolo ya ng'ombe. A Modester tebulo la tomato analipezabe, ndipo analiika pakhomo pa shedi pomwepo. Mathalauza ena anakwera, ena ayi. Filimu ija a Nason amaionetsabe mwa apo ndi apo, m'mawa, ana ali ku sukulu, ndipo amene amabwera kwambiri ndi makolo amene ana awo ali ku Joni. Pa mawu a mayi wa m'filimu sanasinthepo kanthu, amathokozabe Mulungu kuti mwana wake wafa akufuna ntchito. Koma mayina a opanga filimu akayamba kukwera, anthu asanadzuke, a Nason amayatsanso maikolofoni n'kunena kuti pali mayi wina wa konkuno amene anaionera, ndipo akuti pamalo amodzi filimuyi inalakwitsa. Amafotokoza malowo, dzina la mayiyo osatchula. Amuna amakonda kutsutsa. Azimayi amamanga zitenje zawo n'kumatuluka.